Manja amene ankalumikiza kanema ikaduka

Amene anakulira ku Ntaja, Liwonde kapena Ulongwe m'zaka za m'ma 1970, Balaka isanapatuke ku boma la Machinga mu 1998, amakumbukira madzulo amene galimoto ya kanema inkafika pabwalo la sukulu. Nsalu yoyera ikamangidwa, jenereta n'kulira, mudzi wonse unkakhala pansi. Nthawi zina nkhani ili mkati chithunzi chinkangoti balala, kuyera mbee. Filimu yaduka. Ana ankakuwa, koma woonetsa kanemayo sankatekeseka, poti kulumikiza inali ntchito yake.

Luso limeneli linabwera ndi filimu yeniyeniyo. Kampani ya Kodak inatulutsa filimu ya mamilimita 16 mu 1923, ya mamilimita 8 mu 1932, kenako Super 8 mu 1965, kuti anthu wamba azijambula za kunyumba kwawo. Kuno makamera otere ankapezeka kwambiri ndi amishoni ndi azungu a m'maesiteti. Anthu akumudzi kanema ankaionera pagalimoto. Bungwe la Central African Film Unit, lomwe linakhazikitsidwa mu 1948 ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, linkakonza mafilimu oonetsa mu Nyasaland ndi m'maiko awiri a Rhodesia. Titalandira ufulu mu 1964, boma linapitiriza, ndipo magalimoto achikasu a zaulimi ankaphunzitsa alimi kudzera m'kanema.

Filimu ikaduka, mmisiri ankaika nsonga ziwirizo m'kachipangizo kotchedwa splicer, n'kudula mowongoka. Nsonga imodzi ankaipala ndi lumo kuchotsa khungu la chithunzi, n'kupakapo mankhwala osungunula filimu pang'ono, kenako n'kufinya mpaka ziwirizo zitagwirana. Timabowo ta m'mphepete tinkayenera kulondolana ndendende ndi mano a gudumu, apo ayi filimu inkang'ambikanso. Makina oonetsera nawo ankafuna chisamaliro: kuchotsa fumbi ndi kaburashi kofewa, kudonthezera mafuta, kusintha lamba akatha, ndiponso osagwira babu ndi zala.

Kenako kunabwera matepi a VHS. Popeza wailesi yakanema ya dziko lino inayamba mochedwa, mu 1999, zinyumba za vidiyo ndizo zinkadzaza m'misika. Okonza mawailesi pakhonde la sitolo anaphunzira kutsegula deki, kupukuta mutu wake ndi sipiriti ndi pepala loyera, ndi kulumikiza ndi selotepu tepi yotafunidwa. Apa m'pamene mabanja athu anayamba kudziona okha: maukwati, zinkhoswe, makwaya. Balaka, kwawo kwa Alleluya Band kuyambira 1978 ndiponso kwa Luntha TV ya ansembe a chipani cha Montfort, inakhala malo amene kujambula mawu ndi zithunzi kunazika mizu.

Lero mafoni ambiri amajambula, ndipo kudula chithunzi n'kungokhudza ndi chala. Koma zakale zija zili m'masutikesi, ndipo kutentha kwa m'mbali mwa Shire sikuzichitira chifundo. Filimu ikayamba kununkha ngati viniga ndiye kuti ikuwola. Tepi ikagwira chinyezi imachita chuku choyera, n'kumamatirana. Kampani ya Funai ya ku Japan, yomaliza kupanga madeki a VHS, inasiya mu 2016, kotero deki iliyonse yotsala ndi yofunika kuisamala.

Amene muli ndi tepi ya ukwati wa makolo anu, muiimike chilili pamalo ozizira ndi ouma, ndipo musaiponye mu deki yosapukuta. Funafunani mmisiri wachikulire amene adakadziwa kutsegula makinawa, akuthandizeni kusamutsira zithunzizo pakompyuta. Mutengerenso mwana kuti akaone mmene zala zija zimagwirira, chifukwa nkhope ndi mawu a agogo zili m'tepimo, ndipo wozitulutsa ndi mmisiri yekhayo.