Lamya za m'manja ndi malonda m'boma la Chama

Boma la Chama, limene linabwezedwa ku cigawo ca Kum'mawa mu 2021 kucoka ku cigawo ca Muchinga, ndi lodziwika pa ulimi wa mpunga. Popeza midzi yambiri ili kutali ndi mabanki, alimi ndi amalonda amatumiza ndi kulandira ndalama kupyolera pa lamya za m'manja.

Njira zake zilipo ziwiri. Amene ali ndi lamya yaing'ono ya mabatani amangoimba *115#, ndipo safunika intaneti. Amene ali ndi lamya yamakono angagwiritse nchito pulogalamu ya My Airtel kapena ya MoMo ya kampani ya MTN, ndiponso angalengeze katundu wao pa WhatsApp ndi Facebook. Koma mapulogalamuwa amafuna ma bundle, netiweki yamphamvu ndi malo ocajira lamya, zinthu zimene zimasowa m'midzi ina ya m'cigwa ca Luangwa.

Motero kampani yofuna makasitomala ku Chama iyenera kupezeka pa lamya za mitundu yonse iwiri. Bungwe la ZICTA, limene limayang'anira makampani a lamya, limacenjeza anthu kuti asamauze aliyense nambala yao yacinsinsi, cifukwa akuba amabera anthu ndalama mwa njira imeneyi.