Kodi Wakuba Ndani? Mbiri ya Mphotho za Nkhani Zofufuza Milandu

Anzanga acinyamata, kodi munawerengapo buku limene linakuletsani tulo mpaka mutadziwa amene anaba ndalama kapena kupha munthu? Ine linandithera parafini wa amai usiku umodzi, ndipo m'mawa mwace mlandu unali pa ine.

Ku America nkhani zotere zili ndi mphotho yakeyake. Bungwe la Mystery Writers of America linayamba kupereka mphotho ya Edgar mu 1946, pokumbukira Edgar Allan Poe. Iyeyu mu 1841 analemba The Murders in the Rue Morgue, imene ambiri amati ndiyo kholo la nkhani zofufuza milandu. Koma onani kucedwa kwace: mabuku a ana anapatsidwa gawo lao mu 1961, ndipo a acinyamata a msinkhu wanu anadikira kufikira 1989. Mai Joan Lowery Nixon anailandira kanai konse.

Nanga ife? Musaganize kuti cinenero cathu sicinalawepo mphotho. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Malawi, anapambana pa mpikisano wa bungwe la ku London loona za zinenero za mu Africa ndi buku lace Nthondo, limene linasindikizidwa mu 1933. Caka cotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Cingelezi nalicha Man of Africa. Si nkhani ya apolisi ai, koma inaonetsa kuti colembedwa m'Cinyanja cingathe kuoloka nyanja. Pa zofufuza milandu, tivomereze, anzathu Abemba anacita mwai ndi Stephen Mpashi, amene anali kulemba nkhani zotere m'zaka za m'ma 1950.

Ife a kum'mawa cuma cathu cinali pa wailesi. Funsani akulu ku Kapata kapena ku Mcini za Julius Chongo ndi pologalamu yace ya Poceza M'madzulo. Adzakuuzani mmene anthu anali kuunjikirana pa wailesi imodzi, osafuna ngakhale mwana atsokomole. Munthuyu anadziwa kubisa mapeto a nthano, ndiwo mtima weniweni wa nkhani yofufuza mlandu. Anamwalira mu 1995, ndipo dzina lace linaikidwa pa mphotho ya olemba ya Ngoma Awards. Mu 2006 anailandira ndi Malama Katulwende cifukwa ca buku lace Bitterness. Ndinakondwera naye, komabe cinandilasa mtima: dzina ndi la katswiri wa Cinyanja, buku lopambanalo ndi la Cingelezi.