Kukonza ziwerengero mu spreadsheet: momwe kompyuta imapeputsira ntchito ya akauntanti

Kukonza ziwerengero ndi ntchito yosanja ndi kuyeretsa zolembedwa zochokera m'malo osiyanasiyana, monga sitetimenti ya kubanki, mainvoisi ndi mndandanda wa malipiro, kuti zifanane kalembedwe zisanawerengetseredwe. Ntchitoyi imabwerezedwa mwezi ndi mwezi, ndipo ikamachitika pamanja imadya nthawi komanso imalowetsa zolakwika. N'chifukwa chake mapulogalamu amakono ali ndi njira zoti kompyuta iziigwira yokha ikangophunzitsidwa kamodzi.

Mbiri yake

Spreadsheet yoyamba kutchuka inali VisiCalc, yomwe Dan Bricklin ndi Bob Frankston anaitulutsa mu 1979. Lotus 1-2-3 inatsatira mu 1983, ndipo kampani ya Microsoft inatulutsa Excel mu 1985. Mu 1993 Excel inabwera ndi VBA, chinenero cholembera malangizo otchedwa macro. Chida cha Power Query chinayamba mu 2013 ngati chowonjezera, koma kuyambira mu Excel 2016 chimapezeka m'pulogalamumo, pansi pa gawo la Data.

Zolakwika zofala

Choyamba ndi madeti. Deti lolembedwa 03/04/2024 ku Malawi ndi ku Britain limatanthauza 3 Epulo, pomwe ku United States ndi 4 Malichi. Kompyuta yomwe inatcheredwa m'kalembedwe ka ku America imatembenuza detilo mwakachetechete, ndipo ndalama za mwezi wina zimagwera m'mwezi wina.

Chachiwiri ndi manambala omwe si owerengetsera. Excel imachotsa ziro wa kumayambiriro, choncho nambala ya foni yoyamba ndi 09 kapena 08 imaduka mutu. Pulogalamuyi imasunganso molondola manambala 15 okha oyambirira. Otsatirawo amasanduka maziro. Nambala ya akaunti, ya foni kapena ya TPIN iyenera kusungidwa ngati mawu.

Chachitatu ndi ndalama zomwe zalowa ngati mawu, mwachitsanzo zolembedwa ndi chilembo K kutsogolo. Fomula ya SUM imazidumpha popanda kuchenjeza, ndipo chiwonkhetso chimachepa.

Chachinayi ndi mipata yobisika komanso mayina olembedwa mosiyana. Kwa kompyuta, dzina lokhala ndi mpata kumapeto ndi lina, ndipo kasitomala mmodzi amaoneka ngati awiri. Pomaliza pali mizere yobwerezedwa, yomwe ingachititse kuti invoisi imodzi ilipiridwe kawiri.

Zida zomwe zilipo

Mafomula ndiwo chida chapafupi. TRIM imachotsa mipata yosafunika, CLEAN imachotsa zizindikiro zosaoneka, ndipo VALUE imasandutsa mawu kukhala nambala. Komabe TRIM siichotsa mpata wapadera womwe umabwera ndi zinthu zokopedwa pa intaneti. Umenewo umafuna SUBSTITUTE pamodzi ndi CHAR(160).

Macro imajambula zonse zomwe munthu wachita n'kuzibwereza, koma imasokonekera msanga ngati fayilo yatsopano yasintha kasanjidwe. Ogwiritsa ntchito Google Sheets ali ndi Apps Script, ndipo mu 2023 Microsoft inalengeza zolowetsa chinenero cha Python mu Excel.

Momwe Power Query imagwirira ntchito

Akauntanti amauza Power Query komwe kuli fayilo, kapena foda yonse ya masitetimenti, kenaka amakonza kamodzi: kuchotsa mizere ya pamwamba yopanda ntchito, kutchula dziko lomwe madeti alembedwera, kugawa ndalama zolowa ndi zotuluka. Chilichonse chomwe wachita chimalembedwa pamndandanda wa Applied Steps, m'chinenero chotchedwa M. Mwezi wotsatira amangoponya fayilo yatsopano m'fodamo n'kudina Refresh.

Ubwino wake ndi wapawiri. Fayilo yoyambirira siisinthidwa, ndipo wofufuza mabuku a chuma angathe kutsata sitepe iliyonse. Chidachi chimathanso kufananitsa matebulo awiri n'kuonetsa mizere yomwe ili m'buku la kampani koma mulibe mu sitetimenti ya kubanki, womwe ndi mutu wa ntchito yoyanjanitsa mabuku.

Kuopsa kwake

Kompyuta imabwereza cholakwika mokhulupirika ngati momwe imabwerezera cholondola. Mu Okutobala 2020, bungwe la Public Health England linavomereza kuti anthu 15,841 omwe anapezeka ndi Covid-19 pakati pa 25 Sepitembala ndi 2 Okutobala sanawerengedwe panthawi yake. Zotsatira za kulabotale zinkalowetsedwa zokha mu fayilo ya mtundu wakale wa XLS, yomwe malire ake ndi mizere 65,536. Fayiloyo itadzaza, zotsalazo zinangotayika, ndipo ntchito yolondola anthu omwe anakumana ndi odwalawo inachedwa. Mtundu wa XLSX, womwe unayamba mu 2007, umalandira mizere 1,048,576, koma nawonso uli ndi polekezera.

Kwa akauntanti, mzere wotayika ungatanthauze lipoti lolakwika kwa eni kampani, kapena fomu ya VAT ndi PAYE yopita ku Malawi Revenue Authority ili ndi ziwerengero zosakwanira.

Zoyenera kutsata

Fayilo yoyambirira isungidwe padera, osaikhudza. Chiwerengero cha mizere ndi chiwonkhetso cha ndalama zifananitsidwe isanakonzedwe komanso itakonzedwa. Ngati pali kusiyana, pakhale chifukwa chodziwika. Mizere yokayikitsa isafufutidwe, koma iikidwe pambali kuti munthu aione, pakuti malipiro awiri ofanana patsiku limodzi angathe kukhala enieni. Sitepe iliyonse ipatsidwe dzina lomveka, kuti wodzalowa m'malo asavutike. Banki ikasintha kasanjidwe ka sitetimenti, ndondomeko yonse iyesedwenso. Kompyuta imafulumizitsa ntchito, koma wosayinira mabuku ndi amene amayankha mlandu wa zomwe zili m'menemo.