Galasi Loona Patali la Ludwig Bertele

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ojambula zithunzi oyambirira anaumvera mwambiwu ngakhale sanafune, pakuti magalasi a makamera awo ankalowetsa kuwala kochepa zedi, kotero kuti wojambulidwa ankakhala duu, mutu atautsamiritsa pachitsulo, kuopa kuti nkhope ingatuluke yachimbuuzi. Pamene Thomas Dallmeyer wa ku London anapanga galasi lokokera pafupi zinthu zakutali mu 1891, vutoli linangokula, chifukwa galasi loona patali limafuna khomo lalikulu lolowera kuwala, ndipo khomo likakula, chithunzi chimasokonekera m'mbali, nalonso galasi limalemera. Phiri linkajambulika, popeza silithawa. Koma kavalo wa pa liwiro, iyayi.

Amene anamasula mfundo imeneyi ndiye Ludwig Bertele, wobadwira ku Munich mu 1900, amene analowa ntchito ku kampani ya Ernemann mumzinda wa Dresden akali mnyamata, nawerengera papepala, kompyuta isanabadwe, mmene kuwala kumapindikira podutsa m'magalasi osanjikizana. Galasi lake la Ernostar, la f/2, linatuluka pa kamera ya Ermanox mu 1924. Ndipo wojambula zithunzi Erich Salomon, atavala ngati mmodzi wa olemekezeka, ankalowa nayo kamerayo m'mabwalo a milandu ndi m'misonkhano ya atsogoleri a ku Ulaya, najambula nduna zikunong'onezana, zina zikuodzera, pa kuwala kwa nyale za m'chipinda chomwecho.

Ernemann italowa m'kampani ya Zeiss Ikon mu 1926, Bertele anakonza mtundu wina wotchedwa Sonnar, ndipo nzeru yake yagona apa: masiku amenewo galasi lililonse lokhudzana ndi mpweya linkabweza mbali ina ya kuwala, chithunzi n'kufooka, tsono iye anamata magalasi angapo pamodzi kuti malo otayira kuwalawo achepe. Pofika 1936, chaka cha masewera a Olimpiki ku Berlin, panatuluka Olympia Sonnar ya mamilimita 180 ndi f/2.8, yoikidwa pa kamera ya Contax. Owerenga asapepuse manambalawa. Khomo la f/2.8 limalowetsa kuwala kochuluka kanayi kuposa la f/5.6, chotero chitseko cha kamera chikhoza kuphethira mofulumira kanayi, wothamanga naimitsidwa m'malere phazi lisanaponde pansi, ndipo khamu la anthu kumbuyo kwake limasungunuka, munthuyo natsala yekha m'chithunzi. Magalasi akuluakulu amene timawaona lero atandandalika m'mbali mwa mabwalo a mpira akutumikira cholinga chomwecho.

Koma mbiriyi ili ndi chowawa chake, chimene sindingachilumphe. Masewera a ku Berlin anakonzedwa kuti akweze ulemerero wa Adolf Hitler ndi chiphunzitso chake chonyansa chakuti mtundu wina uposa unzake, ngakhale kuti Jesse Owens, munthu wakuda wa ku Amereka, anachichititsa manyazi potenga mamendulo anayi agolide. Bertele anasamukira ku Switzerland nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, napanga magalasi ojambulira dziko kuchokera m'ndege, namwalira mu 1985 ali nkhalamba. Salomon, amene anaonetsa dziko lapansi chimene galasi la Bertele likhoza kuchita, anali wa fuko la Ayuda. Anathawira ku Netherlands, koma anthu a Hitler anamgwira komweko, ndipo anafera ku msasa wachibalo wa Auschwitz mu 1944.