Sitima Zankhondo za mu Shire ndi Mapewa Amene Anazinyamula

Mu mzinda wa Baltimore ku America muli sitima yapamadzi yotchedwa John W. Brown, imene inapangidwa mu 1942 kuti izinyamula katundu ndi asilikali pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Anthu a kumeneko anaisunga, ndipo pa masiku oikika amalipira ndalama n'kuikwera, kuyenda nayo tsiku lonse akumva mbiri yake. Munthu wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje akamva zoterezi angaganize kuti ndi nkhani za kutali. Komatu mtsinje wa Shire nawo unali ndi sitima zake zankhondo, ndipo imodzi mwa izo inasiya dzina lake pa boma la Nsanje kwa zaka zoposa 60.

Mu Novembala 1889, asilikali a Apwitikizi motsogozedwa ndi Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo a mfumu Mlauli m'chigwa chino, ndipo anthu ambiri a mfumuyo anaphedwa. Angerezi, amene anali atalengeza kale kuti dera la Amakololo lili m'manja mwawo, anakwiya. Pa 11 Januwale 1890 boma la ku London linalamula Apwitikizi kuti achotse asilikali awo, ndipo iwo anagonja. Pofuna kutsimikiza mawu awo, chaka chomwecho Angerezi anatumiza sitima ziwiri zankhondo, Herald ndi Mosquito, zopangidwa ndi kampani ya Yarrow. Zinali zosalowa kwambiri m'madzi, zoyenda ndi gudumu lopalasa kumbuyo, kuti zisamatitimire mu mchenga. Anazilumikiza kumathiriro a Zambezi, ndipo zinkalondera mpaka ku Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire. Doko la kumunsi analitcha Port Herald, dzina limene linachoka pamene dziko linkalandira ufulu wodzilamulira, malowo n'kuyamba kudziwika kuti Nsanje.

Kuyambira pamenepo chigwa chino chinasanduka khomo la dziko lonse. Sitima iliyonse yopita ku nyanja ya Malawi inkafika ili zidutswazidutswa, kudzera ku Chinde, kukwera Zambezi ndi Shire mpaka kwa Katunga, pafupi ndi Chikwawa. Kumtunda kwake kuli mathithi, kuyambira pa Kapichira, amene ngalawa singadutse. Apa m'pamene mphamvu ya nthunzi inkathera, ntchito n'kutsalira mitu ndi mapewa a amtengatenga. Malata achitsulo, misomali, mizinga ndi zipolopolo, zonse zinakwera phiri pa mitu ya anthu. Nkhuni zimene sitimazo zinkatentha zinkadulidwanso ndi anthu a m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje.

Zina mwa sitima zimene zinadutsa njira imeneyi zinakagwira ntchito pa nkhondo za Harry Johnston zolimbana ndi mafumu a Chiyao monga Makanjira, ndiponso ndi Mlozi wa ku Karonga mu 1895. Nkhani imeneyi ndi yofunika kuikamba mosakondera. Malonda a akapolo amene nkhondozo zinathetsa anali nkhanza yoopsa, ndipo palibe chifukwa chowaikira kumbuyo. Koma mizinga yomweyo ndi imenenso inakhazikitsa msonkho wa nyumba ndi ulamuliro wa atsamunda pa anthu onse, amene ankagulitsa anzawo ndi amene ankagulitsidwa omwe.

Sitima yotchuka kuposa zonse ndi Gwendolen, imene inalumikizidwa ku Fort Johnston, kumene lero ndi ku Mangochi, ndi kulowa m'madzi mu 1899. Pa 13 Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba yapadziko lonse itangoyamba kumene, woyendetsa wake Kaputeni Rhoades anapeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda ikukonzedwa ku Sphinxhaven, kumene tsopano ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania. Anaiwombera n'kuilemaza. Woyendetsa wa Ajeremaniyo, Kaputeni Berndt, anali bwenzi lake, ndipo anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yabuka. Chodabwitsa n'chakuti sitima ya Ajeremaniyo nayonso inafika kunyanja kudzera mu Shire yemweyu. Adani awiriwo anawanyamula ndi anthu a dziko limodzi.

Chauncy Maples, sitima ya amishoni imene inayamba kuyenda mu 1901, inadutsanso kuno kuchokera ku Glasgow. Chiphika chake chowiritsira madzi, cholemera matani 11, sichikanatheka kuchigawa, choncho amuna 450 a Chingoni anachikoka pamtunda. Nkhondo itafika, nayonso inalandidwa ntchito ya uthenga n'kuyamba kunyamula asilikali.

Ulemerero wa mtsinje sunakhalitse. Madzi ankaphwera, mchenga n'kumatseka njira. Njanji inafika ku Blantyre kuchokera ku Port Herald mu 1908, ndipo mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935, sitima zamtsinje zinatha ntchito. Ngakhale doko latsopano la Nsanje, limene Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula mu Okutobala 2010, silinathe kubwezeretsa maulendo aja.

Lero palibe sitima yankhondo imene tingakwere mu Shire. Mzinga wa Gwendolen uli ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, ndipo ndi umboni umene mwana wasukulu angaugwire ndi dzanja. Kuno kuchigwa kwatsala mtsinje wokha, ndi mabwato owolotsa anthu pakati pa Bangula ndi Makhanga. Mabuku anasunga mayina a akaputeni ndi kulemera kwa zitsulo, koma amtengatenga anawawerenga ngati chiwerengero chabe. Mayina awo, ngati alipobe, ali pakamwa pa agogo amene anamva kwa agogo awo. Aphunzitsi ndi makolo a ku Chiromo, kwa Katunga ndi ku Nsanje angachite bwino kutenga ana kupita nawo kudooko, kukhala pansi ndi achikulire amenewa, ndi kulemba zimene akukumbukira nthawi isanathe.