Ndege inafika ku Chitipa phula lisanafike

Ndinali mwana pamene bambo anga, omwe anali mphunzitsi, anawasamutsira ku Chitipa. Za ulendo wathu wochokera ku Karonga ndimakumbukira matope okhaokha. Tinakwera lole m'mamawa, mvula itavumba usiku wonse, ndipo tinakafika kutada, mayi atafungatira dengu la nkhuku njira yonse. Komatu mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 100 basi. Mumlengalenga, mopanda kukhotakhota, ndi pafupifupi 75, ulendo wosakwana theka la ola ngakhale pa kandege kakang'ono.

Chimene chimatalikitsa matauni awiriwa ndi chitunda. Karonga ali m'mphepete mwa nyanja, Chitipa ali pamwamba, ndipo msewu umakwera mamita oposa 700. Njirayi ndi yakale. M'zaka za m'ma 1880 azungu analambula Stevenson Road kuchokera ku Karonga kulowera ku nyanja ya Tanganyika, ndipo boma la atsamunda linadzamanga malo ake m'mbali mwa njirayo n'kuwatcha Fort Hill. Ndiye Chitipa wa leroyu.

Pafupi ndi nyumba yathu pankakhala mkulu wina amene ankakonda kutiseka tikamadandaula za msewu. Iye anali atakwerapo ndege kangapo konse, koma nsapato ankavala Lamlungu lokha. Ndege yake inali ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku Joni. Amuna a kuno, pamodzi ndi ena odutsa malire kuchokera ku Tanganyika, ankawanyamulira pa bwalo la Fort Hill kupita nawo ku Francistown, ku Botswana, komwe ankakwera sitima ya pamtunda mpaka ku Johannesburg. Mkuluyo ankati kufika ku Francistown kunali kosavuta kusiyana ndi kukaona mlongo wake ku Karonga m'nyengo ya dzinja. Ife tinkangoti n'zocheza. Ndadzazindikira nditakula kuti ankanena zoona.

Zinaliponso ndege za okwera wamba. Central African Airways, imene inayamba mu 1946, inkayendetsa tindege ta Beaver, ta injini imodzi, m'mabwalo ang'onoang'ono a kumpoto, ndipo Air Malawi inapitiriza ntchitoyo kuyambira 1964. Koma mipando yake inali yowerengeka, ndipo ankakhalapo ndi mabwanamkubwa, amishoni ndi matumba a makalata. Mlimi wa khofi wa ku Misuku ankangoimvera kulira m'mwamba. Kwa ine, ndege sinabwere kuno kudzalumikiza Chitipa ndi Karonga. Inabwera kudzatenga manja ogwira ntchito.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela ya mtundu wa DC-4 inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo anafera pomwepo. Zitatero, Pulezidenti Kamuzu analetsa kulemba anthu a ku migodi. Mkulu uja sankafuna kuikamba nkhani imeneyi. Tikaiyamba ankangodzuka kukaona mbuzi zake.

Phula linachedwa zaka zina pafupifupi makumi anayi. Msewu wa Karonga–Chitipa, wodutsa kufupi ndi mgodi wa Kayelekera, unamalizidwa ndi thandizo la dziko la China Malawi atasiya ubale ndi Taiwan kumapeto kwa 2007. Nditaudutsa komaliza, pa minibasi yodzaza ndi matumba a mpunga wa kilombero, tinatenga maola awiri.