Karonga ndi Ndege za Nkhondo Zakale

Munthu amene anaonapo gule wa mapenenga ku Karonga adziwa kuti kukoma kwake kuli pa mzere. Amuna amavala zoyera, naima motsatana monga asilikali, ndipo phazi la wina silitsogola kapena kutsalira. Gule ameneyu, amene kwina amamutcha malipenga, anabadwa ndi nkhondo. Pa 9 Seputembala 1914 Ajeremani ochokera kutsidya la Songwe anathira nkhondo pa Karonga, koma asilikali a King's African Rifles anawabweza. Manda a ena amene anafa tsiku limenelo alipobe. Nkhondo itatha, anyamata amene anaona perete wa asilikali anamusandutsa gule.

Azungu nawonso ali ndi mapenenga awo, koma iwo amavinira kumwamba. Amatenga ndege zimene zinamenya nkhondo kalekale, nazikonza bwino, naziulutsa pamodzi pamaso pa khamu la anthu. Ku England gulu lotchuka pa ntchito imeneyi ndi Battle of Britain Memorial Flight, limene linayamba mu 1957, ndipo likhala ku Coningsby. Pa masiku a chikumbutso ndege yaikulu yoponya mabomba yotchedwa Lancaster imatsogola, Spitfire kumbali ina, Hurricane kumbali inanso. Zonse zitatu ndi za nkhondo ya Hitler, ya 1939 mpaka 1945. Pa dziko lonse lapansi patsala Lancaster ziwiri zokha zimene zitha kuuluka, ina ku England, ina ku Canada.

Kuuluka pamodzi chotere si ntchito yamasewera. Akakowa pobwerera kogona madzulo amatsata mmodzi wa patsogolo, ndipo ndi momwemonso ndege. Woyendetsa wa patsogolo yekha ndiye ayang'ana njira, mitambo ndi nthaka. Anzakewo sayang'ana kwina konse koma phiko la mtsogoleri wawo. Iye akakhota, iwonso akhota. Akatsika, iwonso atsika. Chovuta china ndi chakuti ndegezi sizilingana liwiro. Spitfire ndi yaliwiro, Lancaster ndi yolemera, motero wa Spitfire ayenera kuigwira ndege yake monga mnyamata woyenda ndi agogo ake. Asananyamuke onse amakhala pansi napangana za malo a aliyense, ndi kumene aliyense adzathawira zinthu zikavuta. Pangano likasokonezeka pamagwa maliro. Pa 12 Novembala 2022 ku Dallas, m'dziko la America, ndege ziwiri zakale, B-17 ndi P-63, zinagundana m'mwamba anthu ali kuonerera, ndipo amuna 6 anafa.

Chodabwitsa ndi chakuti mzere wothithikana umene anthu amauombera m'manja sunathandize pa nkhondo yeniyeni. Mu 1940 Angerezi ankauluka atatuatatu moyandikana kwambiri, ndipo poti awiri anali kuyang'ana mtsogoleri wawo, mdani ankawadzera kumbuyo osamuona. Ajeremani ankauluka awiriawiri kapena anayianayi motalikirana, yense maso ali ponseponse. Angerezi atataya anyamata ambiri anatengera njira ya adani awo. Tsono mzere wokongolawo unatsalira perete ndi zionetsero.

Ku Karonga kulibe chionetsero chotere. Komabe mitundu iwiri ya ndege zimene lero zionetsedwa ku Ulaya monga zinthu zamakedzana inali yodziwika kuno kwathu pamene inali pa ntchito, ndipo mbiri yake ikhudza boma la Karonga.

Yoyamba ndi Dakota. Iyi ndi ndege ya injini ziwiri yopangidwa ndi kampani ya Douglas ku America. Pa nkhondo ya Hitler anapanga zoposa 10,000 kuti zizinyamula asilikali ndi katundu. Nkhondo itatha zinachuluka kuposa ntchito yake, ndipo zinagulitsidwa motchipa. Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku Joni, anagulako zina, nayamba kunyamula anthu pa ndege mu 1952. Limodzi la mabwalo amene ndegezi zinkatera linali ku Fort Hill, kumene lero kutchedwa Chitipa. Masiku amenewo Fort Hill inali mbali ya boma la Karonga. Amuna a kumpoto kuno ndi ena ochokera ku Tanganyika ankakwera pamenepo kunka ku Francistown, m'dziko la Bechuanaland, ndipo kuchoka kumeneko ankakwera sitima ya pamtunda mpaka ku Johannesburg. Ulendo umene makolo awo ankayenda milungu yambiri, iwo ankautha m'masiku owerengeka. Mnyamata amene sanakwerepo ngakhale njinga ankapezeka ali pamwamba pa mitambo, m'ndege yopangidwira asilikali. Maulendo amenewa anaduka ndi tsoka. Pa 4 Epulo 1974 ndege ina ya Wenela, ya injini zinayi yotchedwa DC-4, inagwa itangonyamuka ku Francistown, chifukwa mafuta ake anali atasakanizika ndi mafuta a mtundu wina. Amalawi oposa 70 amene anali kubwerera kwawo anafa, ndipo Dr Banda analetsa Wenela kulemba anthu m'dziko muno.

Yachiwiri ndi Vampire, ndipo nkhani yake ndi ya chaka cha 1959.

Mu 1953 Nyasaland analowetsedwa m'Chitaganya pamodzi ndi Southern Rhodesia ndi Northern Rhodesia, eni dziko asakufuna. Dr Hastings Kamuzu Banda anabwera pa 6 Julayi 1958 kudzatsogolera Nyasaland African Congress, ndipo pofika Febuluwale 1959 dziko linali litatentha. Kumpoto ndiko kunatentha koposa. Pa Karonga anthu analimbana ndi apolisi. Ku Fort Hill khamu la anthu linalanda bwalo la ndege, nalitseka kuti ndege isatere. Anthuwo anadziwa chimene anali kuchita. Inali nthawi ya dzinja, misewu inali matope okhaokha, ndipo Zomba, kumene kunali likulu la Boma, kunali kutali. Njira yachangu yobweretsera asilikali inali ya m'mwamba. Wotseka bwalo la ndege anali atatseka khomo la Boma. M'malo ena anthu anagwetsera mitengo m'misewu nagumula milatho, ndipo m'mapiri a Misuku Flax Musopole anatsogolera anthu okana Boma kwa miyezi ingapo asanagwidwe.

Bwanamkubwa Sir Robert Armitage anapempha thandizo kwa Sir Roy Welensky, nduna yaikulu ya Chitaganya. Asilikali a ku Southern Rhodesia anabwera pa ndege, ndipo zina mwa ndege zowanyamula zinali Dakota zomwe zija. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Dr Banda anagwidwa m'bandakucha, natengedwa pa ndege kunka ku Southern Rhodesia, kumene anatsekeredwa m'ndende ya Gwelo. Tsiku lomwelo pa doko la Nkhata Bay asilikali anaombera khamu la anthu, ndipo kafukufuku wa woweruza Devlin anapeza kuti anafa anali 20. M'dziko lonse anafa anthu ngati 50.

M'masiku amenewo gulu la ndege za nkhondo la Royal Rhodesian Air Force linatumiza ndege zake ku Nyasaland. Zina zinali zazing'ono, zotchedwa Provost, zimene zinkazonda misewu ndi kumwaza mapepala a uthenga wa Boma. Koma yoopsa inali Vampire. Iyi inali ndege ya jeti yopangidwa ndi kampani ya de Havilland ku England, ndipo inauluka koyamba mu 1943. Inalibe chopukusa mphepo kutsogolo monga Dakota. Inali ndi michira iwiri yolumikizana kumbuyo, ndipo injini yake inkalira ngati likhweru lalitali lobaya m'makutu. Ngakhale inkaoneka yachitsulo, mbali ya thupi lake pamene pankakhala woyendetsa inali ya matabwa. Ndegezi zinkauluka m'munsi kuti anthu azione ndi kuzimva. Chimenechi chinalinso chionetsero, chofanana ndi chimene anthu a ku Ulaya amalipira ndalama kuti akachione lero. Kusiyana kwake ndi kwakuti oonerera a mu 1959 sanaitanidwe, ndipo cholinga chinali chakuti achite mantha. Boma linkaganiza kuti munthu wa kumudzi akamva mkokomo umenewo adzaiwala za Congress. Apa linalakwitsa, pakuti pa chisankho cha mu Ogasiti 1961 Malawi Congress Party inapambana kotheratu, ndipo pa kutha kwa 1963 Chitaganya chinatha.

Nkhani ina ya masiku omwewo inachitikira ku Livingstonia, pa phiri la Khondowe, kumwera kwa Karonga. Ndege ya Boma inaponya kalata pa mishoni, yofunsa Azungu a pamenepo ngati afuna kuchotsedwa poopa anansi awo akuda, ndipo inati ayankhe poika chizindikiro pansi. Amishoni ndi Akhristu akuda anakhala pansi nakambirana. Ndege itabweranso inapeza pabwalo pali zilembo zazikulu zoyera zotchula Aefeso 2:14, ndime imene inena za mtendere pakati pa anthu amene anali olekana. Azunguwo sanachoke. Zilembozo zisungidwa pa mishonipo mpaka lero.

Ndege za masiku aja zambiri zinaphwasulidwa, zina zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Zochepa zokha ndizo zikali kuuluka, ndipo kuzisunga kumadya ndalama zambiri, pakuti mafakitale amene ankapanga zitsulo zake anatsekedwa kalekale. Kufupi ndi kuno, munthu amene anayesa ntchito imeneyi ndi Jack Malloch wa ku Salisbury, mzinda umene lero utchedwa Harare. Iye anatenga Spitfire imene inakhala zaka zambiri yosauluka, naikonza pamodzi ndi amisiri ake, ndipo inaulukanso mu 1980. Pa 26 Malichi 1982 anali kuiulutsa pamodzi ndi Vampire imene inali kujambula kanema. Ndege ziwirizo zinalowa mu mtambo wa mvula yamkuntho. Vampire inatulukamo, koma Spitfire inagwa, ndipo Malloch anafera pomwepo.

Dakota ndiyo yakhalitsa koposa zinzake. Mu Juni 2019 Dakota zambiri zochokera ku maiko osiyanasiyana zinasonkhana ku Duxford, m'dziko la England, ndipo zinaoloka nyanja motsatana kunka ku Normandy, m'dziko la France, pokumbukira kuti panali patapita zaka 75 chichitikire nkhondo yaikulu ya kumeneko ya mu 1944. Ku Norway nako gulu lina linasunga Vampire ziwiri, zimene zakhala zikuuluka phiko ndi phiko m'zionetsero za ku Ulaya, zikulira likhweru lomwe lija limene linamveka mu Nyasaland mu 1959.